Gitala sifuna phuma

M'nyumba zambiri muli gitala yopachikidwa pakhoma kapena yogonekedwa pamwamba pa wadirobu, itachita fumbi, nsambo imodzi itaduka. Mukafunsa mwini wake, yankho limakhala lomwelija: "Ndinayesa, koma zala zanga n'zouma." Makolo nawo amangoti ndalama zinalowa m'madzi, mwanayu alibe mphatso, bola tikanagula nsapato za kusukulu. Ine amene ndakhala ndikuphunzitsa gitala achinyamata a kutchalitchi ndi ana a anansi kwa zaka zingapo, mawu akuti zala zouma sindiwavomereza msanga. Zala zouma zenizeni n'zosowa. Chimene ndimaona kawirikawiri ndi phuma.

Mwana akangogwira makodi atatu (osati kodi wofunsira uja ayi, ndikunena kagwiridwe ka nsambo zingapo pamodzi, monga G, C ndi D), mtima wake umathamangira nyimbo imene amaimvera pafoni. Amafuna ilire monga ikulirira pafonipo, pa liwiro lomwelo, lero lomwe. Ndiye amayamba, akafika posintha kuchoka pa C kupita pa F amaphonya, amatsonya, n'kuyambiranso pachiyambi. Afikanso pomwepaja, aphonyanso. Akachita zimenezi kakhumi, n'kuphonya kasanu ndi kawiri, iye amaona ngati wayeserera kakhumi. Koma zoona zake n'zakuti waphunzitsa zala zake kuphonya kasanu ndi kawiri, ndipo kugwira bwino waziphunzitsa katatu kokha. Mawa lake zalazo zidzachita chimene zinachita kochuluka.

Zala sizidziwa zimene mumafuna kuchita. Zimangosunga zimene mwachita. Zili ngati njira yodutsa padambo: palibe amene anailambula, anthu anangopondapo tsiku ndi tsiku mpaka udzu unaleka kumera. Ngati oyamba kudutsa anakhotera kumatope, onse obwera pambuyo amakhoteranso komweko, ndipo kuti mutsegule njira ina yowongoka pamafunika kuponda udzu watsopano kwinaku njira yakale ikukukokani. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Kuchotsa chizolowezi choipa m'zala kumatenga nthawi yaitali kuposa kuika chabwino pachiyambi pomwe, ndipo aliyense amene anaphunzitsapo munthu wodziphunzira yekha kwa zaka ziwiri akudziwa zimene ndikunena.

Nkhani ya lero ndi yakuti mankhwala a zimenezi ndi kuchepetsa liwiro. Koma ndikati kuchepetsa, ambiri amaganiza zochepetsa pang'ono chabe, ngati minibasi ikaona apolisi apamsewu. Ayi. Ndikunena kuchepetsa mpaka nyimbo isamvekenso kuti ndi nyimbo.

Pali nkhani yodziwika ya Sergei Rachmaninoff, katswiri wa piyano wa ku Russia amene anamwalira mu 1943. Woimba piyano mnzake wa ku America, Abram Chasins, analemba kuti tsiku lina atapita kukamuona anaima pakhomo n'kumamvetsera munthu akuimba m'katimo. Anatha kanthawi osazindikira kuti ndi nyimbo yanji, chifukwa mawu ake ankatuluka motalikirana kwambiri. Kenako anazindikira kuti ndi imodzi mwa nyimbo zovuta za Chopin, imene pabwalo imaimbidwa mothamanga zedi. Ameneyu sanali wophunzira ayi, anali munthu amene dziko lonse linkamulemekeza kale. Ngati iye ankakwawa chotero m'chipinda mwake, nanga mwana wathu wa Fomu 2 amene wagwira gitala miyezi itatu akuthamangira kuti?

Tiyeni tilowe m'zochitika zenizeni. Pali kachipangizo kotchedwa metronome, kamene kamangogunda kuti ta, ta, ta mosasinthasintha. Johann Maelzel ndiye anakalembetsa m'dzina lake mu 1815, ndipo kalelo kanali kabokosi kathabwa kokhala ndi kachitsulo kogwedera. Masiku ano simufunika kugula, mapulogalamu ake aulere alipo ambiri pafoni, ndipo ukangotsitsa kamodzi safunanso bandulo. Mukaika pa 60, ndiye kuti ikugunda ka 60 pa mphindi, kamodzi pa sekondi iliyonse. Wotchi yapakhoma yolira ija imachitanso ntchito yomweyo, ngati foni ili pa chaji kwa aneba.

Ikani pa 60. Gwirani C, kwapulani nsambo kamodzi, werengani kugunda kunayi. Kugunda kunayi kotsatira musaimbe kanthu, ingosunthani zala kupita pa Am, modekha, mukuziyang'ana. Kenako kwapulani kamodzi. Basi. Masekondi anayi athunthu ongosamutsa zala. Poyamba zimaoneka zopusa, koma pa liwiro limeneli maso amayamba kuona zinthu zimene phuma limabisa. Mudzaona kuti pochoka pa C kupita pa Am, chala chamkombaphala sichifunika kuchoka pamene chili, pa nsambo yachiwiri fureti yoyamba. Chapakati nachonso chikhale pomwepo, pa nsambo yachinayi fureti yachiwiri. Chimene chimayenda n'chimodzi chokha, chovala mphete chija: chimachoka pa nsambo yachisanu n'kukatera pa yachitatu. Koma ophunzira ambiri amanyamula dzanja lonse m'mwamba, zala zitatu zonse, n'kuyamba kufunafuna malo ngati munthu wofufuza machesi mumdima. Ntchito ya chala chimodzi akuigwira ndi zitatu, ndiye azidabwa kuti akuchedwa? Kuchoka pa Am kupita pa E nakonso n'kosavuta kuposa mmene amaganizira: kapangidwe ka zala n'kamodzimodzi, mumangokasamutsa konse kukwera nsambo imodzi. Zimenezi munthu wothamanga atha chaka osaziona.

China chimene chimaoneka ukadekha ndi mphamvu yowonongeka. Yesani izi ngakhale inu amene mwaimba zaka zambiri. Ikani chala pa nsambo, pafupi ndi kachitsulo ka fureti koma osati pamwamba pake, mongokhudza osakanikiza. Imbani: pamveka phu, mawu ogontha. Onjezani kukanikiza pang'ono, imbaninso. Pitirizani mpaka nsambo iyambe kunjenjemera ngati njuchi, kenako onjezani kachidutswa kena mpaka mawu ayere. Imani pomwepo. Mphamvu imeneyo ndi yokhayo imene gitala ikupempha. Ambiri akayesa amadabwa kuti nthawi yonseyi amafinya khosi la gitala ngati akupha nkhuku. Chala chokanikiza kwambiri chimachedwa kunyamuka, chimatopa msanga, ndipo nthawi zina chimakokera nsambo pambali mpaka mawu kukwera pang'ono, gitala n'kumamveka ngati sinachunidwe.

Mukakhala pa liwiro lotsika chonchi, yang'ananinso thupi lonse. Phewa lakumanzere lakwera kufuna kukhudza khutu? Mwaluma mano? Mukupuma, kapena mwagwira mpweya podikira F? Kachala kakang'ono kaja kali kuti, kali pafupi ndi nsambo kapena kaloza kudenga? Chala chachikulu kuseri kwa khosi chikukankha mwamphamvu bwanji? Ine ndimakonda kuuza ana kuti aimbe akuyang'ana pagalasi, ndipo kuseka kumene kumakhalapo akaona nkhope zawo sikusimbika. Wina lilime limatuluka ndithu. Kuumitsa thupi konseko kumalowa m'chizolowezi limodzi ndi nyimbo, moti tsiku lokaimba pagulu, mantha akawonjezera kuuma kwina pamwamba pake, dzanja limangokana.

Pano pali kafukufuku amene ndimamukonda chifukwa ndi wosavuta kumva. Mu 2009, Robert Duke ndi anzake a pa University of Texas ku Austin anasindikiza zimene anapeza atatenga ophunzira piyano 17 odziwa kale bwino, n'kuwapatsa kachigawo kakafupi koma kovuta ka nyimbo ya Shostakovich. Aliyense analoledwa kuyeserera nthawi imene akufuna, ndipo mawa lake anayesedwa. Amene anachita bwino sanali amene anakhala nthawi yaitali, kapena amene anabwereza kochuluka. Kusiyana kunali pa zimene ankachita akalakwitsa. Opambanawo ankapeza penipeni pamene pavuta ndi chifukwa chake, ankachepetsa liwiro pamalo pomwepo, nthawi zina asanafike n'komwe, ndipo ankabwereza malowo mpaka atakhazikika. Inde, anali a piyano, ndipo anthu 17 si ambiri. Koma zimene anapezazo n'zimene mphunzitsi aliyense wa gitala amaona Loweruka lililonse.

Ndiye mukaphonya, musabwerere pachiyambi cha nyimbo. Pachiyambi mumapadziwa kale, n'chifukwa chake mumapakonda. Dulani malo ovutawo, mwina manotsi anayi okha, awiri a kutsogolo kwa vuto ndi awiri a kumbuyo kwake. Funsani kuti chalakwika n'chiyani: chala chachedwa, chatera pa nsambo ina, kapena dzanja lamanja ndi lamanzere sizinakumane? Mawu akuti "zangovuta" si yankho. Mukapeza, tsitsani metronome mpaka pamene mungaimbe kasanu motsatizana osaphonya. Mukaphonya pachinayi, kuwerenga kuyambirenso. Ana ena ndimawapatsa nyemba zisanu, akaimba bwino asunthe imodzi kupita kumanja, akaphonya zonse zibwerere kumanzere. Amadana nazo nyembazo, koma zimagwira ntchito, chifukwa ukatsala ndi imodzi mtima umagunda ngati uli kale kutsogolo kwa mpingo.

Tsopano ndinene mbali imene anthu amaiwala. Kuchedwa pakokha si mankhwala. Munthu atha kukhala pa 50 ola lathunthu, maso ali pa TV, maganizo ali ku mpira wa Bullets ndi Wanderers, zala zikungoyenda zokha. Ameneyo wangotaya ola. Phindu la kuchepetsa liwiro n'lakuti limapereka mpata woti mutu ufike patsogolo pa zala: usanasunthe chala, udziwe kumene chikupita, ndipo chikatera umve ngati mawu atuluka oyera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma uyeneranso kukhala ukuyang'ana nkhonoyo. Ntchito yotere imatopetsa mutu kuposa manja, moti mphindi 15 kapena 20 n'zokwanira pa nthawi imodzi. Foni ikhale yongogunda metronome basi, mauthenga a WhatsApp adikire.

Ndipo mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Chifukwa china ndi tulo. Mu 2002, Matthew Walker ndi anzake ku Harvard anaphunzitsa anthu kudina mabatani motsatira ndondomeko inayake ndi zala. Amene anayesedwanso atagona usiku anapezeka kuti liwiro lawo lakwera ndi pafupifupi 20 peresenti popanda kuyesereranso, pamene amene anangokhala maso maola ofanana masana sanasinthe kwenikweni. Oimba ambiri amazidziwa izi ngakhale sanawerenge kafukufukuyu: chimene chimakana madzulo, m'mawa chimapezeka chafewa. Woyeserera masiku asanu ndi limodzi pa sabata wagonera ntchito yake kasanu ndi kamodzi. Wa Loweruka lokha wagonera kamodzi.

Wina afunsa, ndipo funso lake n'lomveka: "Ankolo, nanga ndikazolowera kukwawa ndidzathamanga liti? Sungura simungaiimbe pa 60." Zoona. Ndiponso kuthamanga si kuyenda kofulumira chabe, miyendo imagwira ntchito mosiyana. Zala nazonso n'chimodzimodzi. Pali kayendedwe kena kamene kamatheka ukamachedwa koma sikangatheke pa liwiro, monga kutukula chala m'mwamba kwambiri kapena kugwedeza mkono wonse pa notsi iliyonse. Ichi n'chifukwa chake ndimati poyeserera mochedwa muziyenda ngati filimu yochepetsedwa liwiro: kayendedwe kakhale kakang'ono, kofanana ndi kamene mudzagwiritse ntchito pothamanga. Ndipo nthawi ndi nthawi yesani kachidutswa kakafupi, manotsi atatu kapena anayi, pa liwiro lenileni, kamodzi kapena kawiri, kuti muone ngati zala mwaziika m'njira yotheka. Mukatero bwererani pansi. Pokwera, kwerani ndi 4 kapena 5 basi: 60, 64, 68. Pamene mwayamba kuumitsa phewa kapena kuphonya, mwafika malire a lero. Bwererani masitepe awiri, malizirani pamene pakumveka bwino, kagoneni. Amene ndimatsutsana nawo ndi aphunzitsi amene amasunga mwana pa liwiro lotsika miyezi ndi miyezi osamulola kulawako kuthamanga. Kumeneko n'kumuphera chilakolako.

Nyimbo zathu zomwe zimafuna kudekha kumeneku kuposa mmene timaganizira. Mverani Jean Bosco Mwenda wa ku Congo, amene Hugh Tracey anamujambula mu 1952 akuimba Masanga, kapena Daniel Kachamba wathu wa ku Chileka, amene pamodzi ndi mng'ono wake Donald anakumana ndi katswiri wofufuza nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, mu 1967. Ukamamva umaganiza kuti magitala ndi awiri, chikhalirecho ndi imodzi. Chala chachikulu chikuyendetsa mabesi pa nsambo zokhuthala, chamkombaphala chikuimba zake pa nsambo zopyapyala, ndipo ziwirizi zikulowana ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi. Kaimbidwe kotere sungakalowe ndi liwiro. Uyenera kuyamba ndi chala chachikulu chokha mpaka chiziyenda ukucheza ndi munthu. Kenako uwonjezere notsi imodzi yokha ya chamkombaphala, udziwe ngati ikugwera limodzi ndi besi kapena pakati pa mabesi awiri. Ikakhazikika, yachiwiri. Ukangofulumira, zala ziwirizi zimayamba kugunda pamodzi ndipo kukoma konse kwathawa, yatsala ndi phokoso.

Mwayi umene ana a lero ali nawo ndi waukulu. Pa YouTube pali pochepetsera liwiro la kanema, kufika pa 0.75, 0.5 ngakhale 0.25, mawu osatsika kiyi. Kagawo ka gitala ya sungura kamene kamadutsa ngati mphezi ungathe kukamva notsi ndi notsi. Amene ankaphunzira pomvera wailesi analibe zoterezi, nyimbo ikadutsa yadutsa, udikire tsiku lina. Koma ndimaona ana ambiri batani limeneli salikhudza n'komwe. Amaonera mavidiyo khumi a maphunziro pa tsiku, bandulo n'kutha, osakhala ndi imodzi mpaka italowa m'zala.

Kwa amene akuumirirabe kuti zala zawo n'zolakwika, pali Django Reinhardt. Mu 1928, ali ndi zaka 18, moto unabuka m'ngolo imene ankakhala pafupi ndi Paris, ndipo unamuwotcha koopsa. Zala ziwiri za dzanja lamanzere, champhete ndi chaching'ono, zinapuwala. Anayambiranso kuphunzira gitala, n'kupeza njira yoimbira mbali zake zambiri ndi zala ziwiri zotsalazo, ndipo mpaka lero oimba jazi a zala zonse amatuluka thukuta pofuna kumutsanzira. Sindikunena kuti aliyense adzakhala Django. Ndikungoti mwana wa zala zisanu zamoyo asamafulumire kuziimba mlandu.

Tsopano kwa inu makolo, chifukwa mbali yanu ndi yaikulu kuposa kugula gitala. Kuyeserera kwabwino sikukoma m'makutu. Mudzamva manotsi anayi omwewo, mochedwa, kambirimbiri, kwinaku kachipangizo kakuti ta, ta, ta. Tsiku limenelo musanene kuti, "Iwe, sabata yonseyi ukungoimba zomwezomwezo? Taimba nyimbo yeniyeni timve." Mawu amenewo amamubwezera ku phuma. Mwana amene akumveka ngati akusangalatsa nyumba yonse madzulo aliwonse nthawi zambiri akungobwereza zimene amadziwa kale. Mumulole ndithu aziimba zokondweretsa mtima wake, gitala si chilango, koma zikhale pambuyo pa mphindi 20 zija. Alendo akabwera musamukakamize kuti, "Tawaonetsa azakhali ako nyimbo yatsopano ija." Mufunseni kaye ngati yapsa. Ngati mukufuna kuthandiza, khalani naye pafupi muzimusunthira nyemba.

Onaninso gitala yeniyeniyo. Magitala ena otchipa, kapena amene akhala padzuwa ndi pachinyezi, khosi limapindika ndipo nsambo zimatalikira. Pa fureti ya nambala 12, mpata wa pakati pa nsambo yokhuthala ndi kachitsulo usapitirire kwenikweni mamilimita 3. Ngati pakulowa pensulo, mwanayo alibe mlandu, ndipo ngakhale adekhe bwanji adzazolowera kufinya. Pitani nayo kwa wodziwa kukonza, kapena ikani nsambo zopyapyalako. Kuwawa kwa nsonga za zala masabata oyamba n'kwachibadwa, khungu limalimba lokha. Koma kuwawa kwa m'mfundo ya dzanja, m'chigongono kapena dzanzi m'zala si chinthu chopirira. Aleke, apume, ndipo zikapitirira akaonane ndi achipatala.

Vuto lomaliza ndi la kutchalitchi, kumene achinyamata athu ambiri amaimbira. Nyimbo imaperekedwa Lachisanu madzulo, Lamlungu iimbidwe, ndipo wa kiyibodi waika kale liwiro lake. Palibe nthawi yokwawa, eti? Malangizo anga kwa woyamba kumene ndi akuti Lamlungu limenelo aimbe zochepa zimene angathe kuimba moyera: akwapule kamodzi pa kodi iliyonse, pa kugunda koyamba, n'kugwiritsa nthawi yotsalayo kukonzekera kodi yotsatira. Ngati F yotsekera nsambo zonse isanapse, agwire yaing'ono ya nsambo zinayi zam'munsi. Mpingo sudzadandaula, ndipo wa besi adzamuthokoza. Zokometsera zija, timanotsi tothamanga ta pakati pa mavesi, azitengere kunyumba Lolemba, aike metronome pa 60, ayambe ndi manotsi anayi oyamba.